Kodi wosewera baseball amasiya liti kukhala rookie?

Kamtedza44
Akuluakulu, ndili ndi funso limene ndikupempha amene mwatsatira baseball kwa zaka zambiri mundithandize. Gunnar Henderson wa timu ya Baltimore Orioles analandira mphoto ya Rookie of the Year ya American League mu 2023, chonsecho munthu yemweyu anali atasewera kale masewero 34 mu ligi yaikulu chaka cha 2022. Corbin Carroll wa Arizona, amene anatenga mphoto yomweyi ku National League, nayenso anali atasewerako chaka chimenecho. Ine ndimamva kuti mphotoyi ndi ya munthu amene ali m'chaka chake choyamba. Kodi lamulo limalola wosewera kufika pati asanachotsedwe m'gulu la atsopano, ndipo chimene amawerenga ndi masewero, masiku, kapena china?

Mphunzitsi_wa_Masamu
A Kamtedza, masewero sawerengedwa ayi. Lamulo la MLB, ligi yaikulu imene ili ndi zigawo ziwiri za American League ndi National League, lili ndi malire atatu, ndipo wosewera akadumpha amodzi okha mwa malirewo m'zaka zam'mbuyo, chaka chotsatira sakhalanso rookie. Kwa womenya mpira, malire ndi ma at-bat 130, kutanthauza maulendo owerengedwa oima kuti amenye mpira. Kwa woponya, ndi ma inning 50 (inning yake imakwana timu yake ikatulutsa omenya atatu). Kwa onse awiri, palinso masiku 45 okhala pa mndandanda wa osewera amene timu ikuwagwiritsa ntchito mu ligi yaikulu, kaya munthuyo analowa m'bwalo kapena anangokhala pabenchi; masiku amene ali pa mndandanda wa ovulala sawerengedwa. Lamuloli limanena za kupitirira, kotero amene wafika pa 130 ndendende adakali rookie, ndipo amene wafika pa 131 watuluka.

Dziwaninso kuti manambalawa amaphatikizidwa chaka ndi chaka. Munthu akakhala ndi ma at-bat 70 chaka chino, 70 ena chaka chamawa, ndiye kuti wadutsa malire, ngakhale kuti palibe chaka chimene anasewera kwambiri. Koma kutuluka kwake kumaoneka chaka chikatha: amene wayamba sizoni ali rookie amakhalabe rookie mpaka sizoniyo ithe, ngakhale afike ma at-bat 600.

Henderson anaitanidwa pa 31 Ogasiti 2022, sizoni inatha pa 5 Okutobala, choncho masiku ake sanafike 45, ndipo ma at-bat ake anali 116.

NyenyeziYaKumpoto
Aphunzitsi, pepani, koma ine ndaona kuti Henderson anaima kuti amenye maulendo 132 chaka chimenecho. Nanga 132 si yopitirira 130?

Mphunzitsi_wa_Masamu
Manambala onse awiriwo ndi oona, mayi, kungoti akuwerenga zinthu zosiyana. Maulendo 132 ndi onse amene iye anaima pamaso pa woponya. Koma woponya akaphonya malo kanayi, womenya n'kupita ku base yoyamba waulere, chimene amati walk, ulendowo sulowa m'gulu la ma at-bat. N'chimodzimodzi womenya akagendedwa ndi mpira, kapena akadzipereka kuti atuluke n'cholinga choti mnzake asunthire kutsogolo. Henderson analandira ma walk 16, ndipo mukachotsa 16 pa 132 mutsala ndi 116. Zotsatira zake n'zakuti mnyamata wodekha, wodziwa kusiya mpira woipa kuti udutse, amachedwa kufika pa malirewa kusiyana ndi mnzake wongomenya chilichonse, ngakhale onse awiri asewere masewero ofanana.

Gogo_Dugout
Nkhani imene imaonetsa bwino zimenezi ndi ya Scott Rolen, ndipo amene tinkatsatira kale masewerawa m'zaka za m'ma 1990 sitiiwala. Philadelphia Phillies inamuitana kumayambiriro kwa Ogasiti 1996, ndipo ankasewera pafupifupi tsiku lililonse pa base yachitatu. Pofika pa 7 Seputembala anali ndi ma at-bat 130 ndendende. Ulendo wotsatira, umene ukadakhala wa 131, woponya wa Chicago Cubs, Steve Trachsel, anamugenda pamkono mpaka fupa linathyoka, ndipo sizoni yake inathera pomwepo. Popeza kugendedwa sikuwerengedwa, nambala inakhalabe pa 130. Chaka chotsatira Rolen anasewera sizoni yonse monga rookie n'kutenga mphotoyo, atolankhani onse ovota atamuika pamalo oyamba. Mpira umenewo ukadadutsa pabwino, iye n'kuumenya kapena kuuphonya, mphoto ya 1997 ikadapita kwa wina. Munthuyu anadzasankhidwa kulowa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a masewerawa, mu 2023, ndipo mphoto yake yoyamba mu ligi yaikulu inapulumutsidwa ndi mkono wothyoka.

Chiphwanya
Ndiye agogo mwatsimikiza nokha kuti lamuloli n'lopanda nzeru. Kodi at-bat imodzi ingasinthe munthu kuchoka pa wongoyamba kumene kukhala katswiri wakale?

Gogo_Dugout
Mwana wanga, malire aliwonse amene mungaike adzakhala ndi munthu woima pamzere penipeni. Mukawasunthira pa 150, padzapezeka wina wa 150. Kale malire olembedwa kunalibe, ndipo zinthu zinali zosokonekera kuposa pano. Mphoto ya dziko lonse inayamba mu 1947, woyamba kuilandira anali Jackie Robinson, ndipo kwa zaka khumi mtolankhani aliyense wovota ankadzisankhira yekha kuti watsopano ndi ndani. Mu 1957 m'pamene anayamba kulemba malire, ma at-bat 75 kapena ma inning 45. Kenako anakweza kufika pa ma at-bat 90 n'kuwonjezerapo masiku 45. Manambala a 130 ndi 50 anabwera mu 1971, ndipo akhala pamenepo zaka zoposa 50. Ine sindiona ngati akadakhalitsa chotero akadakhala kuti amalakwira anthu kawirikawiri.

Nachisale_M
Ndikufuna kuthandizira mfundo ya agogo poonetsa kuti manambala atatuwa sanangotoledwa pamsewu. Sizoni ya MLB ili ndi masewero 162 m'masiku pafupifupi 187, kotero masiku 45 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sizoniyo. Womenya amene akuyamba sewero lililonse amapeza ma at-bat atatu kapena anayi patsiku, ndiye amafika pa 130 pakatha masewero pafupifupi 35, amene amatenga milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Woponya woyambitsa sewero amatuluka kamodzi pa masiku asanu, ndipo akamaponya ma inning asanu ulendo uliwonse, amafika pa 50 pa ulendo wakhumi, umene umagwa pafupi ndi tsiku la 45 lomwelo. Kwa wosewera amene akugwiritsidwa ntchito mokwanira, malire onse atatu amafika pafupifupi nthawi imodzi.

Amene amapwetekedwa ndi ena. Taganizirani woponya wolowa m'malo, amene amaitanidwa kuti aponye inning imodzi kawiri kapena katatu pamlungu. Miyezi iwiri ikatha akhoza kukhala ndi ma inning 20 okha, kutali kwambiri ndi 50, koma masiku ake adutsa kale 45. Chimodzimodzi wogwira mpira kuseri kwa womenya amene ali wachiwiri pa udindowo, yemwe amasewera kamodzi pamlungu pamene mwini malo akupuma. Anthu oterewa amataya dzina la rookie atakhala pansi, akutafuna njere za mpendadzuwa pabenchi, ndipo chaka chimene adzapatsidwe mpata weniweni mphoto imakhala itawatsekekera kale. Mwa malire atatuwa, amene ine ndimawakayikira ndi a masikuwa, chifukwa amalanga wosewera pa chisankho cha kochi.

Wakumalire
A Nachisale, sindikugwirizana nanu kwenikweni. Munthu amene wakhala miyezi iwiri ndi timu yaikulu waphunzira zambiri ngakhale asanalowe m'bwalo kawirikawiri. Wayenda nawo maulendo onse, wakhala pamisonkhano imene amaunika oponya a matimu ena, waona pafupi mmene mpira wa ligi yaikulu umakhotera, ndipo walandira malipiro a ligi yaikulu. Sangafanane ndi mnyamata amene wangotsika ndege kuchokera ku Triple-A, ligi yaing'ono yotsatana ndi ligi yaikulu. Malire a masiku akadapanda kukhalapo, woponya wolowa m'malo akadatha zaka ziwiri zathunthu akutchedwabe watsopano.

NyenyeziYaKumpoto
Nanga masiku a mu Seputembala? Ndinamvapo kuti amenewo sawerengedwa.

Mphunzitsi_wa_Masamu
Zinali choncho mpaka 2019. Nthawi imeneyo timu inkakhala ndi osewera 25 kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, koma pa 1 Seputembala inkaloledwa kuwonjezera mpaka 40. Anyamata ambiri ankaitanidwa mwezi umenewo kuti angolawako, ndipo masiku awo sankalowa pa 45 aja, ngakhale kuti ma at-bat ndi ma inning ankawerengedwa monga mwa nthawi zonse. N'chifukwa chake Aaron Judge, amene anaitanidwa pakati pa Ogasiti 2016, sanayandikire n'komwe malire a masiku. Ma at-bat ake anali 84, ndipo pa theka la maulendowo, 42, anatulutsidwa ndi strikeout, kutanthauza kulephera mipira itatu ya woponya. Chaka chotsatira anamenya ma home run 52 monga rookie (home run ndi kumenya mpira n'kuzungulira ma base onse ulendo umodzi).

Kuyambira 2020 masiku a Seputembala akuwerengedwa. Masiku ano mndandanda uli ndi osewera 26, ndipo mu Seputembala amangowonjezera awiri kuti akhale 28. Choncho timu imene ikufuna kuti mnyamata wake akhalebe rookie chaka chamawa iyenera kuwerenga chobwerera kuchokera pa tsiku lomaliza la sizoni, n'kumuitana pamene masiku otsala sakupitirira 45, kutanthauza pakati pa Ogasiti kupita m'tsogolo.

Kamtedza44
Zikomo kwambiri nonse. Koma pali dzina lina limene likundivutabe, la Randy Arozarena. Munthuyu dziko lonse linamuona mu Okutobala 2020 akumenya ma home run motsatizana mpaka ku World Series, masewero omaliza olimbirana chikho, kenako mu 2021 n'kulandira mphoto ya wosewera watsopano. Pamenepa pali chilungamo?

Gogo_Dugout
Masewero a pambuyo pa sizoni, olimbirana chikho, salowa m'chiwerengero chilichonse mwa zitatuzi. Arozarena anali ndi ma at-bat 20 ku St. Louis mu 2019 ndi 64 ku Tampa Bay mu 2020, onse pamodzi 84. Ma home run 10 amene anamenya mu Okutobala umenewo, omwe anaposa a wina aliyense m'mbiri ya masewero a chikho a chaka chimodzi, komanso mphoto yake ya wosewera wopambana m'ndime yomaliza ya American League, lamulo la rookie silinazione n'komwe. Iye si woyamba. Francisco Rodríguez anaponya ma inning osakwana sikisi mu Seputembala 2002, kenako anapambana masewero asanu a chikho pamene Angels inkatenga World Series, ndipo mu 2003 anali rookie. Todd Worrell anaponya mu World Series ya 1985 n'kudzatenga mphotoyi mu 1986.

Pa funso la chilungamo, ine ndimati lilipo. Mwayi wosewera mu Okutobala umadalira timu, si wosewera. Anyamata awiri akaitanidwa tsiku limodzi, wina ku timu yamphamvu wina ku timu yofooka, sikungakhale bwino kuti woyambayo ataye mphoto chifukwa chakuti anzake anali aluso.

Chiphwanya
Munthu amene waima mu World Series, anthu zikwizikwi akukuwa, ndiye mukumutcha wongoyamba kumene? Ayi ndithu agogo, pamenepa ndakana.

Wakumalire
A Chiphwanya, ngati Arozarena akukupwetekani mutu, ndiye munganene chiyani za Ichiro Suzuki? Anafika ku Seattle mu 2001 ali ndi zaka 27, atasewera zaka zisanu ndi zinayi ku Orix BlueWave ku Japan, kumene anatsogola pa kamenyedwe zaka zisanu ndi ziwiri motsatizana. Chaka chimenecho anamenya ma hit 242 (kumenya mpira n'kufika bwino pa base), natenga mphoto ya Rookie of the Year pamodzi ndi ya MVP, ya wosewera wopambana onse mu ligi. Hideo Nomo mu 1995, Kazuhiro Sasaki mu 2000 ali ndi zaka 32, José Abreu wochokera ku Cuba mu 2014 ndi Shohei Ohtani mu 2018, onsewa anabwera ali akatswiri kale kwawo. Lamulo limangowerenga zimene munthu wachita mu American League ndi National League. Mmisiri akasamukira kumsika wina sasanduka wophunzira ntchito, koma lamuloli limamutenga choncho, ndipo apa m'pamene ine ndimaona dzenje lalikulu, osati pa masiku 45 ayi.

Nachisale_M
Atolankhani ena anaganizapo ngati inu mu 2003, ndipo zinabweretsa phokoso. Hideki Matsui anabwera ku Yankees atatha zaka khumi ku Yomiuri Giants. Ovota awiri sanamulembe konse pa mapepala awo ponena kuti munthu wotere si watsopano, ndipo mphoto inapita kwa Ángel Berroa wa Kansas City ndi mapointi 88 pamene Matsui anapeza 84. Vuto la zimenezo n'lakuti wovota sanapatsidwe mphamvu yosintha lamulo. Anapatsidwa lamulo lolembedwa kuti alitsate. Amene sakugwirizana nalo ayenera kukalimbana nalo kumsonkhano wa bungwe lawo la BBWAA, osati kulanga wosewera mmodzi mwakachetechete.

Palinso mbiri imene tiyenera kuikumbukira tisanathamangitse obwera kuchokera ku maligi ena. Jackie Robinson, amene mphotoyi inapatsidwa dzina lake mu 1987, anali atasewera ku Kansas City Monarchs mu 1945. Don Newcombe, amene anapambana mu 1949, ndi Sam Jethroe wa Boston Braves, amene anapambana mu 1950 ali ndi zaka zoposa 30, anachokeranso ku Negro Leagues, maligi a osewera akuda, kumene ankasewera chifukwa chakuti tsankho linawatsekera khomo la ligi yaikulu. Mphotoyi kuyambira pachiyambi yakhala ikupita kwa anthu amene anali atsopano mu ligiyi koma osati atsopano pa masewerawa.

Wakumalire
Kutsekeredwa khomo chifukwa cha khungu ndi kwina, kusankha kusewera kwanu kumene ukulandira ndalama zambiri ndi kwinanso. Komabe mfundo yanu ya ovota awiri aja ndaivomera.

NyenyeziYaKumpoto
Kodi ovotawo amapatsidwa mayina a oyenera okha, kapena aliyense amawerenga yekha? Ndikufunsa chifukwa malamulowa akuoneka kuti munthu akhoza kusokonezeka nawo mosavuta.

Mphunzitsi_wa_Masamu
Kusokonezeka kunachitikapo. Mu 2008 atolankhani atatu anavotera Edinson Vólquez wa Cincinnati, amene anapambana masewero 17 chaka chimenecho, osazindikira kuti anali ataponya kale ma inning 80 ku Texas pakati pa 2005 ndi 2007. Mwamwayi mphoto inapita kwa Geovany Soto wa Cubs ndi mavoti ochuluka, ndiye palibe chimene chinawonongeka. Mbali inayo, munthu akhoza kulandira mavoti zaka ziwiri mosaphwanya lamulo. Gregg Jefferies wa Mets anavoteredwa mu 1988 ali ndi ma at-bat 109 chaka chimenecho, n'kuvoteredwanso mu 1989. Ryan Mountcastle wa Baltimore anachitanso chimodzimodzi mu 2020, pamene anathera pa 126, ndi mu 2021.

Chimene chimasokoneza anthu kwambiri ndi kusakaniza masiku a rookie ndi masiku a ntchito, amene amati service time. Masiku a ntchito ndi amene amanena za malipiro ndi ufulu wosamuka: masiku 172 amapanga chaka chimodzi, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zikakwana wosewera amamasuka kupita ku timu iliyonse. Pa chiwerengero chimenecho, masiku a munthu wovulala amawerengedwa, pamene pa 45 aja sawerengedwa. Mike Trout anatsala pang'ono kugwa m'chisokonezo chimenechi atasewera masewero 40 mu 2011 ndi ma at-bat 123. Masiku ake a ntchito ankaoneka opitirira 45 chifukwa anaphatikizapo nthawi yochepa imene anabwezedwa ku ligi yaing'ono, koma MLB inagamula kuti owerengedwa ndi okhawo amene anali pa mndandanda wa timu yaikulu, ndipo mu 2012 anatenga mphotoyo.

Chiphwanya
Zonsezi n'zolimbirana chikho choika pashelefu. Kodi timu imataya chiyani mnyamata akapitirira 130?

Nachisale_M
Kale funso lanu likadakhala lamphamvu, koma kuyambira 2022 pali ndalama ndi osewera pankhaniyi. Chiyambi chake ndi zimene zinachitikira Kris Bryant. Mu 2015 Cubs inamusunga ku Triple-A mpaka pa 17 Epulo, ndipo anamaliza sizoni ndi masiku a ntchito 171, kuperewera tsiku limodzi lokha kuti chikwane chaka. Anatenga mphoto ya Rookie of the Year ndi mavoti onse, komabe ufulu wake wosamuka unachedwa ndi chaka chathunthu. Anadandaula kudzera ku bungwe la osewera, ndipo kumayambiriro kwa 2020 mlanduwo unamugomera.

Pa mgwirizano wa 2022 pakati pa eni matimu ndi osewera anaikamo mfundo ziwiri zofuna kuthetsa khalidwe limeneli. Yoyamba, mnyamata wodalirika amene wathera pa nambala 1 kapena 2 pa mavoti a mphotoyi amapatsidwa chaka chathunthu cha ntchito, ngakhale timu inachedwa kumuitana. Adley Rutschman, amene Baltimore inamuitana mu Meyi 2022 n'kuthera wachiwiri, anapindula nayo. Yachiwiri, timu imene yasunga mnyamata wake chaka chonse kuyambira koyambirira, ngati mnyamatayo ali pa mindandanda iwiri mwa itatu ya achinyamata 100 apamwamba, ya MLB Pipeline, Baseball America ndi ESPN, ndipo watenga mphotoyi, imapatsidwa mwayi wowonjezera wosankha wosewera pa draft, pamene matimu amasinthana kusankha osewera achinyamata, ndime yoyamba ikangotha. Seattle inalandira mwayi wotere chifukwa cha Julio Rodríguez. Koma kuti zimenezi zitheke, mnyamatayo ayenera kuyamba chakacho adakali rookie.

Tsopano bwererani ku funso la a Kamtedza. Carroll anaitanidwa pa 29 Ogasiti 2022 n'kuthera pa ma at-bat 104, Henderson pa 31 Ogasiti n'kuthera pa 116. Onse analawa ligi yaikulu kwa milungu isanu, onse anatsala pansi pa malire, onse anatenga mphoto mu 2023, ndipo Arizona ndi Baltimore zinalandira mwayi wowonjezera uja. Sindinganene zimene zinali m'mitima ya akuluakulu a matimuwa, koma aliyense wa iwo amadziwa kuwerenga kalendala.

Gogo_Dugout
Ndiye kuti anatseka khomo la Epulo n'kutsegula la Ogasiti. Mnyamata amene wapsa mu Julayi akhoza kuuzidwa kuti adikire milungu itatu, osati chifukwa cha luso lake, koma kuti masiku asapitirire 45. Ndipo akafika pa ma at-bat 120 mlungu womaliza wa Seputembala, musadabwe kumuona atakhala pabenchi popanda kuvulala.

Wakumalire
Zoona agogo, koma kudikira milungu itatu kumeneko sikumulanda chaka cha ufulu monga zinachitikira Bryant, chifukwa chaka chotsatira timu imakakamizika kukhala naye kuyambira koyambirira kwa sizoni ngati ikufuna mphotho yake. Ndipo timu yochedwetsa tsopano ikhoza kuluza kawiri. Pittsburgh inaitana Paul Skenes pa 11 Meyi 2024. Iye anaponya ma inning 133 ndi ERA ya 1.96 (avareji ya ma run, kapena kuti zigoli, imene woponya amalola pa ma inning asanu ndi anayi alionse), natenga mphoto ya National League. Popeza anapambana, anapatsidwa chaka chathunthu cha ntchito. Popeza sanayambe ndi timu mu Epulo, Pittsburgh sinalandire mwayi wa pa draft. San Diego, imene inayamba ndi Jackson Merrill tsiku loyamba, nayonso sinalandire kanthu chifukwa Merrill anathera wachiwiri.

Kamtedza44
A Wakumalire, ndiye chaka chimenecho ku National League palibe timu imene inapindula ndi mphotoyi?

Wakumalire
Pa draft palibe. Amene anapindula ndi Skenes mwiniwake, chifukwa adzamasuka sizoni ya 2029 ikatha, pamene akadapanda kuthera pa malo awiri oyambawo akadadikira mpaka itatha ya 2030.